Momwe mungagwiritsire ntchito zojambula za munthu pofuna kudziwa za thanzi la maganizo ake

Ndili woyamba kumene ntchito ya uphungu, kamtsikana ka zaka 8 kanandijambulira mayi ake opanda manja. Mutu unalipo, miyendo inalipo, koma kuchokera m'mapewa mpaka m'chiuno panali chinthu chimodzi chobulungira. Ndinali nditamva kuti munthu wopanda manja pachithunzi amasonyeza kusowa mtengo wogwira, ndipo mumtima ndinali nditagamula kale kuti mwanayu akuona kuti mayi ake sangamuteteze. Mwamwayi ndinayamba ndafunsa. "Tandiuze za mayiwa." Iye anayankha osaganizira n'komwe. "Akupita kudimba m'mamawa. Afunda chitenje, kukuzizira." Unali mwezi wa June.

Opereka uphungu, anamwino, aphunzitsi ndi odzipereka a m'ma Children's Corner ambiri amagwera m'dzenje lomweli. Amatenga chithunzi ngati loto lofunika womasulira: chakuda ndi imfa, nyumba yopanda chitseko ndi chinsinsi, maso aakulu ndi mantha. Zojambula zimathandizadi kudziwa mmene munthu alili m'maganizo, makamaka mwana kapena wamkulu amene mawu amamukanirira pakhosi, koma zimathandiza zikatsatidwa mwadongosolo. Dongosolo limene ndalemba pano silikusandutsani katswiri wa art therapy, ntchito yothandiza anthu ovutika maganizo kudzera m'zojambula. Ku Britain dzina limenelo ndi lotetezedwa ndi lamulo, ndipo amalipeza ndi amene waphunzira mpaka digiri yachiwiri. Silikupatsaninso mphamvu yotchula matenda a munthu. Likuthandizani kuona bwino, kufunsa bwino, ndi kudziwa nthawi yotumiza munthu kwa ena.

## Zofunika kukhala nazo

- Mapepala oyera opanda mizere, a A3 ngati alipo, apo ayi a A4. Musamasinthesinthe kukula kwake kwa munthu mmodzi. Pepala long'amba m'kope limakumbutsa mayeso, lipeweni.
- Machekeni kapena ma marker a mitundu 12. Awerengeni munthu asanalowe, ndipo yesani ngati onse akulemba.
- Pensulo ndi chofufutira.
- Dongo, makala kapena choko, za anthu amene dzanja lawo silinazolowere pensulo.
- Tebulo kapena thabwa losalala loika pamiyendo.
- Wotchi ndi kope lanu lolembamo zimene mukuona.
- Fomu ya chilolezo yolembedwa m'chiyankhulo cha munthuyo.
- Mafunso oyezera maganizo, monga SRQ-20 kapena PHQ-9, a anthu akuluakulu. Onse awiri alipo m'Chichewa ndipo anayesedwa kuno ku Malawi.
- Fayilo ndi malo okhoma osungira zithunzi.
- Manambala a foni a kumene mungatumize munthu: namwino wa matenda a maganizo wa pachipatala cha boma, ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndi 116 yothandiza ana.

## Musanatulutse pepala

1. Dziwani funso limene mukufuna kuyankha.

Lilembeni m'kope. Mwachitsanzo: mnyamata wasiya kuyankhula m'kalasi chimwalirireni agogo ake, kodi chisoni chake chikuphwa kapena chikunkera patsogolo? Mayi wa khanda akuti mutu suleka kuwawa, mtima umathamanga, "ndimangoganiza kwambiri," kodi n'chiyani chikumulemera? Mafunso otere chithunzi chikhoza kuthandiza.

Chenjezo: funso lakuti "kodi mwanayu anagwiriridwa?" kapena "kodi bamboyu ndi wamisala?" chithunzi sichingayankhe. Ngati nkhawa yanu ndi imeneyo, pitani pa nambala 10.

2. Fotokozani, ndipo pemphani chilolezo.

Kwa munthu wamkulu ndimanena motere: "Mayi, nthawi zina za mumtima zimavuta kuzitchula. Ndikupemphani kuti mujambule zithunzi ziwiri kapena zitatu, kenako tikambirane. Si mayeso, palibe kukhoza kapena kulephera. Zimene mujambule ndi zanu, ndipo ndizisunga mwachinsinsi. Koma ndikaona kuti moyo wanu kapena wa mwana uli pachiswe ndidzayenera kuuza anzanga otithandiza, ndipo ndidzakuuzani inu poyamba." Mawu omalizawo musawadumphe chifukwa choopa kuti munthu atseka pakamwa. Kulonjeza chinsinsi chimene simungasunge kumapweteka kwambiri pambuyo pake.

Ngati ndi mwana, chilolezo chichokere kwa womulera, ndiponso kwa mwanayo mwini wake. Akakana, wakana.

Chenjezo: akuluakulu ambiri amaona kujambula ngati kuwachepsa. Bambo wina anandifunsa kuti, "Ine ndi imvi zangazi ndijambule ngati mwana wa sitandade 1?" Musakangane naye. Muonetseni dongo kapena makala, kapena ingochezani tsiku limenelo. Agogo amene sanagwirepo pensulo amatha kulemba pansi ndi kamtengo mudzi wawo wonse, ndi manda omwe, n'kukufotokozerani zambiri kuposa za papepala.

3. Funsani za thupi ndi za sukulu.

Zinthu zambiri zimasintha chithunzi popanda kukhudzana ndi maganizo. Wadya lero? Wagona bwanji? Wadwala malungo posachedwa? Amaona bwino? Akumwa mankhwala anji? Chlorpromazine ndi haloperidol, amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala zathu, amatha kunjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, ndipo mizere ya munthu amene akumwa mankhwalawa imaoneka yogwedera. N'chimodzimodzinso munthu amene wangosiya mowa dzana. Anyamata ena sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira chibadwire. Funsaninso kuti sukulu analekeza pati ndiponso ngati amajambula nthawi zina. Mayankho onsewa alembeni pamwamba pa tsamba lanu, chifukwa mudzawafuna pa nambala 6.

Malo akhale owala, opanda ongodutsa. Khalani chammbali mwa munthuyo, osati kutsogolo kwake ngati woyang'anira mayeso. Womulera mwana adikire panja, pamalo pamene mwanayo akudziwa.

## Pojambula

4. Perekani ntchito ndi mawu omwewomwewo nthawi zonse.

Ine ndimagwiritsa ntchito zitatu, motsatana chonchi.

Yoyamba ndi yaufulu: "Jambula chilichonse chimene ukufuna." Imachotsa mantha, ndiponso imakuonetsani chimene munthu wabwera nacho yekha.

Yachiwiri ndi ya mtengo. Ku America, Linda Gantt ndi Carmello Tabone anatulutsa mu 1998 muyezo wotchedwa FEATS, woyezera chithunzi cha munthu akuthyola apozi mumtengo. Amapereka ma marker a mitundu 12, ndipo amayang'ana zinthu 14, chilichonse n'kuchipatsa malikisi kuyambira 0 mpaka 5. Mwana wakwathu apozi amamudziwa ali m'dengu la ogulitsa pa depoti, mtengo wake ambiri sanauonepo. Choncho ine ndimati: "Jambula munthu akuthyola mango mumtengo." Ntchito imeneyi ndimaikonda chifukwa ili ndi vuto loti lithetsedwe. Mango ali m'mwamba, munthu ali pansi, nanga afikira bwanji? Wina amajambula munthu atakwera, wina atanyamula ngowe, wina akugenda, wina mnzake atamubereka paphewa. Ndipo wina amajambula kamunthu kataima kutali kumapeto kwa pepala, manja ali pansi, mango ali kosafikirika. Zimenezo si umboni wa matenda, koma ndi khomo labwino lolowera pokambirana za mmene iye amaonera mavuto ake.

Chenjezo: mukasintha apozi kukhala mango, kapena ma marker kukhala machekeni, simukuchitanso muyezo wa a Gantt ndi a Tabone. Musayerekeze zotsatira zanu ndi ziwerengero zawo. Munthuyo mudzamuyerekeza ndi iye mwini, lero ndi mwezi wamawa.

Yachitatu ndi ya pakhomo, yochokera ku njira imene Robert Burns ndi Harvard Kaufman anafalitsa mu 1970: anthu a m'nyumba ajambulidwe akuchita chinachake, osati atangoima pamzere. Nenani kuti: "Jambula anthu a pakhomo panu, ndi iwe yemwe, aliyense akuchita chinachake." Ndimapewa mawu akuti banja. Kwa munthu wamkulu banja ndi ukwati, ndipo mwana woleredwa ndi azakhali amatha kusokonezeka kuti ajambule ati.

Akafunsa kuti "ndijambule wamwamuna kapena wamkazi?" kapena "ndichekenire?" yankho ndi limodzi: "Mmene ukufunira." Zitatu zikachuluka tsiku limodzi, yachitatu idikire.

5. Khalani chete, penyani, lembani.

Theka la zimene mudzaphunzire lili m'kajambulidwe, ndipo likadutsa silibwerera. Lembani nthawi yoyamba ndi yomaliza. Wayamba ndi ndani? Ndani wabwera pomaliza, kapena wakumbukiridwa pepala litadzaza? Wafufuta kangati, pamalo ati? Akudinikiza mpaka kuboola pepala, kapena chekeni chikungokhudza pang'ono? Akuphimba ndi dzanja? Akuyankhula yekha? Mawu amene atuluke pamenepo alembeni momwe awanenera. Penyaninso thupi: kupuma, thukuta, misozi, kuyang'anayang'ana kukhomo.

Musayamikire kuti "wajambula bwino," chifukwa kuyambira pamenepo azijambula zokusangalatsani inu. Musamuthandize ngakhale atapempha. Muuzeni kuti, "Yesa mmene ungathere, ine ndikufuna kuona zako."

Chenjezo lalikulu: musauze munthu kuti ajambule tsoka limene linamugwera. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, ana ambirimbiri a ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi maboma ena anakhala m'misasa ya m'masukulu atataya makolo, abale ndi nyumba. Kuuza mwana wotero kuti "jambula zimene zinachitika usiku uja" n'kumubwezera m'matope momwemo, inu n'kunyamuka madzulo kumusiya nazo. Ngati madzi ndi miyala zatuluka zokha pachithunzi chaufulu, khalani naye, musadzidzimuke, musamuletse. Mukaona kuti akunjenjemera kapena maso angoti tong'o osaphethira, imitsani. Mutchuleni dzina, mupatseni madzi, mufunseni atchule zinthu zisanu zimene akuona m'chipindamo. Asanatuluke, ajambule malo kapena munthu amene amamva naye mtendere.

## Chithunzi chikatha

6. Fotokozani zimene maso akuona, tanthauzo lidikire.

Apa ndi pamene pamafunika kudziletsa. Ikani chithunzi patsogolo panu, lembani ngati mukufotokozera munthu wapafoni amene sakuchiona.

Yambani ndi malo: chatenga pepala lonse, theka, kapena kangodya kamodzi? Kenako mitundu: wagwiritsa ntchito ingati mwa 12 ija? Wangolemba mizere ya m'mbali kapena wachekenira mkati? Mitunduyo ikugwirizana ndi zinthuzo, masamba obiriwira, thunthu lofiirira, kapena munthu yense ndi mtengo womwe ndi zamtundu umodzi? Mizere ndi yolimba, yodukaduka, yogwedera, kapena yothamanga mpaka kutuluka papepala? Zinthu zikugwirizana kukhala chithunzi chimodzi, munthu pansi, mtengo pambali pake, kapena chilichonse chikuyandama pachokha? Waonjezerapo zina zimene simunapemphe, monga udzu, dzuwa, nkhuku, dengu? Pali chimene wachibwereza osaleka, timizere kapena timadontho mazanamazana mpaka pepala kuda? Munthu kapena mtengo wapendekeka kwambiri?

Zimenezi n'zimene miyezo ngati FEATS imayang'ana, ndipo ubwino wake ndi wakuti anthu awiri osiyana akhoza kuziona n'kugwirizana. Amene anapanga muyezowu anaona kuti, pagulu, anthu ovutika maganizo kwambiri amakonda kugwiritsa ntchito mitundu yochepa, malo ochepa, ndi kusaonjezera zina. Anthu amene maganizo awo athamanga mopitirira muyezo amadzaza pepala ndi mitundu ndi mphamvu. Zithunzi za anthu amene asokonekera mutu zimakonda kumwazikana, ndipo kubwereza kosaleka ndi kupendekeka kumaoneka kawirikawiri mwa anthu amene ubongo wawo wavulala kapena wafooka ndi ukalamba. Mawu ofunika pamenepa ndi akuti pagulu. Munthu mmodzi amene wakhala patsogolo panu akhoza kujambula kakang'ono pangodya chifukwa kusukulu anaphunzira kusamala pepala, poti kope limodzi linkayenera kutha teremu yonse.

Chiganizo chabwino ndi ichi: "Wagwiritsa ntchito chekeni chimodzi chofiirira, chithunzi chatenga gawo limodzi mwa magawo anayi a pepala, munthu sakufikira mango, watha m'mphindi 2." Chiganizo choipa ndi ichi: "Chithunzi chikuonetsa kutaya mtima."

7. Funsani mwini chithunzi.

Iyi ndi mfundo yaikulu kuposa zonse, ndipo ndi imene imadumphidwa nthawi ikachepa. Musaidumphe. Kuli bwino kujambulitsa chithunzi chimodzi n'kukambirana kusiyana ndi zitatu zopanda mawu.

Yambani ndi funso lotambasuka: "Tandiuze za chithunzi chakochi." Kenako tsatirani mawu ake. "Akuchita chiyani apa?" "Zisanachitike izi kunachitika zotani?" "Nanga pambuyo pake?" "Munthu uyu akumva bwanji mumtima?" "Chithunzichi ungachipatse dzina lanji?" Ana ambiri amayankhula momasuka za munthu wa papepala kusiyana ndi za iwo eni, choncho musafulumire kunena kuti "ameneyu ndi iwe eti?" Mulekeni afike yekha.

Mnyamata wina wa zaka 11 anajambula anthu a pakhomo pawo: agogo akusinja, mlongo wake akutunga madzi, iye akudyetsa mbuzi, ndipo pakona pali mwamuna wamtali, wachipewa, wojambulidwa modinikiza. Mtima wanga unagunda. Ndinaloza anthu onse mmodzimmodzi, kuyambira kwa agogo, kuti mwamunayo asaoneke ngati ndi amene ndikumusaka. Titafika pa iye, mnyamatayo anamwetulira. "Awa ndi amalume. Ndi amene amandilipirira zakusukulu." Ndinafunsa ngati pali wina wa pakhomopo amene sali pachithunzi. Anakhala chete kanthawi. "Ababa ali ku Joni. Anasiya kuimba foni." Nkhani yonse inali mwa munthu amene sanajambulidwe, ndipo ndikanangoyang'ana pepala ndikanakayikira munthu yekhayo amene akumugwira dzanja mwanayu.

Chenjezo: pewani mafunso oika mawu m'kamwa, monga "amakumenya eti?" kapena "ukuoneka kuti umawaopa." Mwana wakwathu analeredwa kuti asamatsutse wamkulu, ndipo adzavomera kuti akusangalatseni. Pewaninso "chifukwa chiyani," chifukwa m'makutu mwa mwana limamveka ngati chiyambi cha chilango.

8. Yezani ndi msinkhu wake komanso kwawo.

Viktor Lowenfeld, katswiri wa maphunziro a zojambula, anafotokoza mu 1947 mmene kujambula kwa ana kumakulira. Wa zaka 2 mpaka 4 amangokhwatchakhwatcha. Wa zaka 4 mpaka 7 amajambula munthu wa mutu waukulu, miyendo yotuluka m'mutu momwemo, zinthu zikuyandama, mitundu yosankha mwachisawawa. Wa zaka 7 mpaka 9 amalemba mzere wa pansi n'kuimikapo zonse, ndipo amatha kuonetsa za m'kati mwa nyumba ngati khoma ndi galasi. Kuyambira zaka 9 amayamba kufuna kuti zifanane ndi zenizeni, ndipo ambiri amachita manyazi n'kusiyira pomwepo. Ndiye munthu wa zaka 40 akajambula ngati wa zaka 10, nthawi zambiri n'chifukwa chakuti analekera pamenepo. Zaka zimenezi anazipeza mwa ana okhala ndi mapepala ndi machekeni tsiku lililonse. Mwana wakumudzi amene amaumba ng'ombe zadongo ndi kupanga galimoto yamawaya yokhota mawilo akhoza kuoneka wotsalira papepala pamene ali patsogolo.

Za chikhalidwe nazo zimasokoneza obwera. Mwana wa ku Dedza kapena ku Mchinji akajambula chilombo cha gule wamkulu, wajambula zimene amaona pabwalo, si zilubwelubwe. Lichero louluka usiku ndi nkhani imene ana amamva, ndipo mantha ake ndi enieni, koma si chizindikiro cha misala. Funso lothandiza n'lakuti: kodi abale ake ndi anansi ake angaone zimenezi ngati zachilendo? Mukakayika, funsani munthu wa deralo osatchula dzina la wojambulayo.

9. Tsimikizani ndi njira zina, ndipo bwerezani.

Zimene mwaona pachithunzi ndi chikayikiro chabe mpaka zitagwirizana ndi zina. Kwa wamkulu, funsani mafunso 20 a SRQ-20, oyankha inde kapena ayi, okhudza masiku 30 apitawa, kapena mafunso 9 a PHQ-9, okhudza masabata awiri apitawa. Kwa mwana, chezani ndi womulera ndi mphunzitsi: akudya? Akugona? Wayambanso kukodza pogona? Akusewera ndi anzake? Chithunzi chikanena zina, moyo wa tsiku ndi tsiku n'kunena zina, khulupirirani moyo wa tsiku ndi tsiku ndipo pitirizani kuyang'ana.

Patatha masabata 4 kapena 6, perekaninso ntchito ya mango ija, pepala lomwelo, mitundu yomweyo, mawu omwewo. Mukakhala ndi zithunzi zitatu kapena zinayi, ziyaleni pamkeka motsata madeti, muzione pamodzi ndi mwini wake. Mufunseni kuti, "Mukuona kusintha kwanji?" Mayi wina anayang'ana zake nthawi yaitali, n'kuloza chachitatu. "Apa ndi pamene ndinayambanso kupita kumsika." Pa chithunzi chimenecho m'pamene dengu linaonekera koyamba pansi pa mtengo. Kusintha kotere, kwa munthu mmodzi pa nthawi, n'kumene zojambula zimaonetsa bwino kuposa china chilichonse.

10. Zina sizidikira sabata yamawa.

Munthu akajambula chingwe pamtengo, botolo la mankhwala a mbewu, kapena maliro ake omwe, funsani mosapita m'mbali koma mwaulemu: "Bambo, kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?" Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu. Akavomera, funsani ngati wakonza njira ndi tsiku, musamusiye yekha, itanani wachibale amene iye amamukhulupirira, chotsani pakhomo zimene angadzipwetekere, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za m'maboma ndi zimene zimatumiza odwala ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God, amene nawonso amathandiza odwala matenda a maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Mwana akaulula pokambirana kuti wina amamugwira kumalo obisika kapena amamuzunza, lembani mawu ake enieni, muuzeni kuti wachita bwino kunena ndipo si kulakwa kwake, kenako lekani kufunsa. Kufufuza ndi ntchito ya ofesi ya chisamaliro cha anthu, a Victim Support Unit kupolisi, ndi malo a Chikwanekwane m'zipatala, othandizira anthu ochitiridwa nkhanza. Imbani 116 ngati simukudziwa poyambira. Chimene mukukanena kumeneko ndi mawu a mwanayo ndi zimene mwaona pa iye, osati kumasulira kwanu kwa chithunzi.

Munthu amene zojambula zake zasintha mwadzidzidzi n'kukhala zomwazikana, iyenso akusokonezeka, akuiwala kumene ali, kapena thupi latentha, apite kwa dokotala msanga. Malungo aakulu, matenda oumitsa khosi ndi kuvulala m'mutu zimayamba motero.

11. Lembani, sungani.

Kuseri kwa chithunzi lembani deti, nambala ya munthuyo m'malo mwa dzina, ndi mawu amene munapereka. Lipoti ligawike patatu mosasakaniza: zimene ndinaona, zimene mwini wake ananena, ndi zimene ndikuganiza pamodzi ndi chifukwa chake. Akafuna kutenga chithunzi chake, atenge. Mupempheni kuti muchijambule ndi foni ya kuntchito, osati yanu imene ana amaseweretsa kunyumba.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kudalira mndandanda wa matanthauzo. Pa intaneti pali mindandanda yambiri yonena kuti chakuti chimatanthauza chakuti. Mu 1967 akatswiri a za maganizo, Loren ndi Jean Chapman, anapatsa ophunzira zithunzi za anthu zimene anaziphatikiza mwachisawawa ndi mawu ofotokoza mavuto a ojambulawo. Panalibe kugwirizana kulikonse, koma ophunzirawo anati aona kuti anthu okayikira anzawo amajambula maso achilendo, zomwe akatswiri a nthawiyo ankanenanso. Mu 2000 Scott Lilienfeld, James Wood ndi Howard Garb ataunika kafukufuku wambiri anapeza kuti zizindikiro zapazokha za pa chithunzi cha munthu, monga maso, manja kapena kukula kwa mutu, sizidalirika pozindikira vuto la maganizo. Maso athu amaona zimene tikuyembekezera, n'chifukwa chake nambala 6 ndi 7 zili motsatana momwemo.

Kusokoneza luso ndi thanzi. Wodziwa kujambula akhoza kukupatsani chithunzi chokongola ali pafupi kudzipha. Wosadziwa akhoza kukupatsani timitengo tiwiri ali bwinobwino.

Kuyeza ana pagulu. Ana 30 akakhala pamkeka umodzi ndi paketi imodzi ya machekeni, akuluakulu amalanda ofiira ndi achikasu, wamng'ono n'kutsala ndi chimene chatsala. Amaonererananso: mmodzi akajambula helikopita, onse ajambula helikopita. Kujambula pagulu n'kwabwino posangalatsa ndi kugwirizanitsa ana, koma musalembe lipoti la mwana kuchokera pamenepo. Amene wakudetsani nkhawa mukumane naye payekha.

Kuuza makolo tanthauzo. Mukauza mayi kuti "mwana wanu wakujambulani kutali ndi iye, ndiye kuti simugwirizana," mwanayo akakumana nazo madzulo, ndipo sadzajambulanso pamaso panu. Kambiranani ndi makolo za kudya, tulo, sukulu ndi mmene angamuthandizire. Chithunzi achione pokhapokha mwana atalola.

Kunyamula nokha. Zithunzi zina zimakutsatirani mpaka kunyumba. Pezani mnzanu wodziwa ntchitoyi woti muzionana naye mwezi ndi mwezi. Muonetseni chithunzi musanamuuze maganizo anu, mumve zimene iye aone. Mukasiyana kwambiri, bwererani kwa mwini chithunzi.

Kuika zithunzi poyera. Mabungwe amakonda zojambula za ana ovutika m'malipoti a opereka thandizo, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo zimakhomedwanso pakhoma alendo akamabwera. Kuchotsa dzina sikokwanira. Pamudzi aliyense amadziwa nyumba imene ili pafupi ndi mjigo, ya mbuzi zitatu, ya bambo amene ali ku Joni. Chilolezo chimene munapempha pa nambala 2 chinali chothandizira munthuyo. Ngati bungwe likufuna zithunzi zoonetsa, konzani tsiku lina, auzeni ana ndi makolo kuti zimenezi zikaonedwa ndi anthu, ndipo ajambule akudziwa.